Kodi kumazizira chifukwa dziko latalikira dzuwa? Ndithandizeni kumuyankha mwana wanga

Mayi_wa_Atatu:

Moni nonse muno. Ndabwera ndi funso limene landikhala pamtima kuyambira Lamlungu, nde ndati ndilitule pano poti ndimaona muli anthu odziwa za kumwambaku.

Mchimwene wanga amagwira ntchito ku Tromsø, ku Norway, ndipo Lamlungu tinaimbirana pa WhatsApp pa vidiyo. Kwawoko inali 3 koloko masana koma atatembenuza foni kuloza pawindo kunja kunali bii, magetsi a mumsewu akuyaka, chipale chofewa chili mbuu pa magalimoto, iye ali mu jekete lalikulu m'nyumba momwe. Akuti dzuwa sanalione kuyambira kumapeto kwa Novembala ndipo adzalionanso pakati pa Januwale. Pamene ife kuno kumwera mwezi womwewu wa Disembala thukuta lili kamukamu, mawindo onse ali otsegula.

Titamaliza kuyankhula mwana wanga wa zaka 11 anandifunsa kuti amayi chifukwa chani kwa amalume kukuzizira chonchija. Ine ndinamuyankha zimene ndakhala ndikuzidziwa kuyambira kale, kuti dziko likamazungulira dzuwa nthawi zina limayandikira nde kumatentha, nthawi zina limatalikira nde kumazizira. Mwana uja anakhala phee kenako akuti koma amayi, amalume ali pa dziko lomweli lomwe tilipo ifeli, ndiye latalikira kwa iwo okha bwanji? Ndinasowa chonena. Ndamulonjeza kuti ndimupezera yankho loona, sindikufuna kumunamiza. Chonde amene akudziwa andifotokozere mwa njira yoti nanenso ndimve kaye ndisanakamuuze.

Kadzidzi:

Mayi, choyamba mwana wanuyo mumusamale, funso wafunsalo ndi lomwe limagwetsa nkhani yonse ya mtunda ija. Ndipo musadandaule, anthu ambiri ophunzira bwino amaganiza momwe munamuyankhiramo chifukwa zimamveka zanzeru, ukayandikira moto umamva kutentha. Koma pa nkhani ya nyengo sizili choncho.

Zoona zake, mtunda umasinthadi. Chakumayambiriro kwa Januwale dziko limakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo chakumayambiriro kwa Julayi limakhala kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Ndiye taonani, nthawi imene achimwene anu ali mumdima ndi kuzizira kumene kuja ndi nthawi yomwe dziko lonse layandikira dzuwa kuposa mwezi wina uliwonse. Kukanakhala kuti mtunda ndi umene ukulamulira, bwenzi Januwale kukutentha paliponse, ku Norway, ku Canada, ku Australia, konse nthawi imodzi. Kusiyana kwa mtundako ndi 3 peresenti chabe, sikungabweretse chipale chofewa kwina kwina kukuwotcha.

Chimene chimabweretsa nyengo ndi chakuti dziko ndi lopendekeka. Ganizirani mpira umene mwaulasa ndi ndodo kuchokera pamwamba kutulukira pansi, mpirawo nkumazungulira pa ndodoyo kamodzi pa maola 24, kumene kumatipatsa usana ndi usiku. Ndodo imeneyo siinaime chilili ayi, inapendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, ndipo dziko limayenda ulendo wake wa chaka chonse mozungulira dzuwa lili chipendekekere choncho. Ndiye mu Juni theka la kumpoto ndi limene laweramira ku dzuwa, mu Disembala theka la kumwera ndi limene laweramira ku dzuwa. Nchifukwa chake inu ndi achimwene anu simungakhale pa nyengo imodzi.

Tsopano kuweramako kumachita zinthu ziwiri, ndipo choyambachi ndikufuna muchione ndi maso anu usiku uno. Tengani tochi, zimitsani magetsi, ikani pepala patebulo. Walitsani tochiyo molunjika kuchokera pamwamba, muona kabwalo kakang'ono kowala kwambiri, mwana ajambule mozungulira kabwaloko ndi pensulo. Kenako tochi yomweyo, mtunda womwewo, ipendekeni kuti kuwala kufike chammbali. Kabwalo kaja katalika ngati dzira, kakula, koma kuwala kwake kwafooka. Tochi siinasinthe, mabatire ndi omwewo, kungoti kuwala komweko kwagawidwa pa malo aakulu. Dzuwa likakhala paliwombo mphamvu yake imaunjikana pamalo ochepa nde nthaka imatentha. Likakhala chammunsi, tinene madigiri 30 kuchokera pomwe thambo lakumana ndi nthaka, mphamvu yomweyo imamwazikana pa malo owirikiza kawiri, ndiye kuti malo aliwonse akulandira theka basi. Kuwonjezera apo kuwala kobwera chammbali kumadutsa mu mpweya wochuluka kasanafike pansi, kwina kumatayikira momwemo.

Ndikupatseni chitsanzo cha London. Masana a pa 21 Juni dzuwa limakwera mpaka madigiri 62, koma masana a pa 21 Disembala limangofika madigiri 15, ngati kuti langotuluka kumene chonsecho ndi 12 koloko. Pongotengera kupendekeka kokhako, nthaka ya kumeneko imalandira mphamvu yoposa katatu masana a Juni kuyerekeza ndi a Disembala. Yerekezani zimenezo ndi za mtunda zija, zimene zimangosintha mphamvu ya dzuwa ndi 7 peresenti.

Chachiwiri ndi kutalika kwa usana. Ku London komweko mu Juni usana umapitirira maola 16 ndi theka, mu Disembala sukwana maola 8. Ndiye dzuwa ndi lofooka kale, likuwalanso nthawi yochepa, usiku wautali nkumachotsa kakutentha kochepa kamene kanalowa. Mukapitirira kumpoto kudutsa mzere wa Arctic Circle, pa madigiri 66 ndi theka, mumafika poti kuzungulira kwa dziko sikukutulutsaninso mumthunzi. Tromsø ali chapafupi ndi madigiri 70, nchifukwa chake achimwene anu sakuliona dzuwa. Koma muwafunse za Juni, akuuzani kuti silimalowa, pakati pa usiku kuli mbee, kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka chakumapeto kwa Julayi.

Chiphaliwali88:

Aaa zikomo a Kadzidzi, ine ndinkazimva pang'ono za kupendekekazi koma za tochizo zandilowa bwino. Nde ngati ndamva bwino ndiye kuti dziko limagwedezeka uku ndi uko eti, miyezi 6 kuweramira kumpoto kenako nkutembenuka kuweramira kumwera, ngati munthu akuvomera ndi mutu pang'onopang'ono? Chimene chimalikankha kuti libwerere ndi chani, ndi mwezi kapena?

Nthanda:

A Chiphaliwali apo ndi pomwe ambiri timapunthwa, inenso ndinakhala zaka ndikuganiza choncho mpaka tsiku lina ndinachita kuyenda ndi mpira mozungulira babu ndi pomwe zinanditsegukira. Dziko silimagwedezeka ayi. Ndodo ija a Kadzidzi anena imaloza malo amodzimodzi chaka chonse, kumpoto kwake imaloza pafupi ndi nyenyezi ya Polaris, Januwale mpaka Disembala osasuntha. Chimene chimasintha ndi mbali ya dzuwa imene dziko lili.

Chitani chonchi. Ikani babu pakati pa chipinda, gwirani mpira umene mwaulemba kadontho pamwamba kuti uku ndi kumpoto, upendekeni kuti kadonthoko kaloze ku khoma limene kuli chitseko. Tsopano yendani mozungulira babu koma lamulo ndi limodzi, kadontho kaziloza khoma la chitseko nthawi zonse, musapotoze dzanja. Mukaima mbali ya kutali ndi chitseko, babu lili pakati pa inu ndi chitsekocho, muona kuti kadontho kaweramira ku babu ndipo pamwamba pa mpira pali kuwala konse, imeneyo ndi Juni. Mukafika mbali ya chitseko kadontho kaja kafulatira babu, pamwamba pali mdima ngakhale muuzunguze bwanji mpirawo, imeneyo ndi Disembala ya achimwene a mayiwa. Dzanja lanu silinasinthe kanthu, mwangoyenda basi. Palibe chokankha chilichonse chofunika.

Ndipo pakati pa malo awiriwo pali malo ena awiri pomwe kadontho sikanaweramire ku babu komanso sikanafulatire, kuwala kwagawa mpira pakati ndendende kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amenewo ndi masiku a pa 20 kapena 21 Malichi ndi pa 22 kapena 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana dziko lonse ndipo dzuwa limakhala paliwombo pa ikweta. Kuchoka apo limaoneka ngati likusamukira kumpoto mpaka pa mzere wa Tropic of Cancer mu Juni, nkubwerera, kudutsanso ikweta, mpaka pa Tropic of Capricorn mu Disembala. Mizere iwiriyo ili pa madigiri 23.4 kumpoto ndi kumwera, nambala yomwe ija ya kupendekeka, sizinangochitika mwangozi.

Koma kuti ndisakunamizeni, kugwedezeka kulipo ndithu kungoti si kwa chaka chimodzi. Munaonapo nguli ikamazungulira, mutu wake umayendayenda mozungulira pang'onopang'ono. Dziko nalonso limatero koma kuti limalize kamodzi pamatenga zaka pafupifupi 26,000, ndiye kudzafika nthawi yoti Polaris siidzakhalanso nyenyezi ya kumpoto. Kupendekekako nako kumasintha pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5 pa zaka 41,000 zilizonse. Katswiri wa masamu wa ku Serbia, Milutin Milanković, anawerengetsera zimenezi ndi manja kwa zaka zambiri ndipo anasonyeza kuti zimagwirizana ndi nthawi zimene madzi oundana ankakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko. Za mwezi mwafunsazo simunaphonye kwenikweni, akatswiri amati mphamvu yokoka ya mwezi imathandiza kuti kupendekeka kwathu kusamasinthe mopitirira, umagwira ntchito yoletsa, osati yokankha.

Mayi_wa_Atatu:

Zikomo kwambiri a Kadzidzi ndi a Nthanda, ndawerenga kawiri konse ndipo tsopano ndikuona pomwe ndinasokonekera. Koma ndili ndi kena kamene ndikudziwa kuti mwanayu afunsa chifukwa ndi wosatopa. Ngati pa 21 Juni ndi pomwe kumpoto kwaweramira kwambiri ku dzuwa, bwanji mchimwene wanga amati kwawoko kumafunda kwenikweni mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo kuzizira koopsa kumabwera Januwale ndi Febuluwale pomwe dzuwa layamba kale kubwerera? Komanso mayiko amene ali pafupi ndi ikweta amene sadziwa chipale chofewa, amangodziwa nyengo ya mvula ndi yopanda mvula, kupendekekaku kukuwakhudza bwanji?

Kadzidzi:

Mafunso abwino onse awiri mayi. Loyambalo yankho lake mumaliona tsiku lililonse. Dzuwa limakhala pamwamba kwambiri cha m'ma 12 koloko koma kutentha kwenikweni kumamveka cha m'ma 2 kapena 3 koloko, sichoncho? Chifukwa nthaka, makoma, madzi, zonse zimatenga nthawi kuti zitenthe, ndipo malinga ngati kutentha kolowa kukuposa kotuluka, zinthu zimapitiriza kutentha ngakhale dzuwa layamba kutsika. Chaka nachonso chimodzimodzi. Ikadutsa 21 Juni masiku amayamba kufupika inde koma akadali aatali, kolowa kakuposabe kotuluka kwa milungu ingapo. Ndipo chimene chimachedwetsa kwambiri ndi nyanja zikuluzikulu, madzi ndi ouma mutu, amachedwa kutentha amachedwanso kuzizira. Nchifukwa chake malo a mphepete mwa nyanja nyengo zake zimachedwa komanso sizifika poipa, pamene pakati pa mtunda waukulu ngati ku Siberia kumatentha zedi nkuzizira koopsa.

Pomwepa pali chinthu chimene chimandisangalatsa ine kwambiri pa nkhani yonseyi. Mukaphatikiza kutentha kwa dziko lonse, kumpoto ndi kumwera pamodzi, mwezi wa Julayi umakhala wotentha kuposa Januwale, chonsecho Julayi ndi pomwe tili kutali kwambiri ndi dzuwa. Chifukwa chake nchakuti mtunda wouma wambiri uli kumpoto, kumwera kwachuluka madzi, pafupifupi magawo anayi mwa asanu alionse, ndiye dzuwa likaweramiridwa ndi theka lamtunda lija dziko limatentha msanga. Umenewu kwa ine ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse woti mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa si umene ukuyendetsa nyengo. Ngakhale kumwera kwenikweni, ku Antarctica, kuzizira kwa madigiri 89.2 pansi pa ziro kumene anayeza pa siteshoni ya Vostok kunali pa 21 Julayi 1983, mkati mwa usiku wawo wautali uja, pamene anthu a ku Europe anali pachimake pa nyengo yotentha.

Funso lachiwiri. Pafupi ndi ikweta dzuwa silitsika kwambiri mwezi uliwonse ndipo usana umakhala pafupifupi maola 12 chaka chonse, ku Singapore kapena ku Quito kusiyana kwake ndi mphindi zochepa chabe, nde kulibe nyengo yozizira ngati ya ku Norway. Koma kupendekeka kukugwirabe ntchito, kungoti kumaonekera mu mvula. Pamalo pomwe dzuwa likuwomba molunjika mpweya umatentha nkukwera mmwamba utanyamula chinyezi, ukafika kumwamba umazizira nkupanga mitambo, ndipo mphepo zochokera kumpoto ndi kumwera zimakumana pamenepo. Lamba wa mitambo ya mvula ameneyu amazungulira dziko ndipo amatsatira dzuwa, mochedwerako pang'ono, kupita kumpoto chapakati pa chaka nkubwerera kumwera chakumapeto. Nchifukwa chake India ndi mayiko a kumadzulo kwa Africa amalandira mvula yawo Juni mpaka Seputembala pamene kumpoto kwa Australia ndi chigawo chachikulu cha Brazil imagwa Disembala mpaka Malichi. Malo ena amene ali pa ikweta penipeni lambayo amawadutsa kawiri, popita ndi pobwera, nde amakhala ndi nyengo ziwiri za mvula. Pali zinanso zimene zimalowererapo monga mapiri ndi kayendedwe ka madzi a m'nyanja koma gwero lake ndi lomwelo.

Ngati mwanayo amakonda kuyeza yekha, mumuzikire ndodo yowongoka pabwalo pamalo oti siisunthidwa, ayeze chithunzithunzi chake pamene chafupika kwambiri masana, osadalira wotchi chifukwa 12 koloko ya wotchi siifanana nthawi zonse ndi ya dzuwa. Azilemba mu kope kamodzi pa sabata, kutalika kwake ndi komwe chaloza. Ngati mumakhala pakati pa mizere iwiri ija a Nthanda anena, pali masiku awiri pachaka amene chithunzithunzicho chidzasoweratu pansi pa ndodo, kenako chidzatulukira mbali inayo. Katswiri wachigiriki Eratosthenes zaka zoposa 2,200 zapitazo anagwiritsa ntchito zomwezi, anamva kuti ku Syene, kumene pano ndi Aswan ku Egypt, dzuwa limawala mpaka pansi pa chitsime masana a tsiku lalitali kwambiri pachaka pamene ku Alexandria ndodo inkakhalabe ndi chithunzithunzi cha madigiri 7 ndi pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo anawerengetsera kukula kwa dziko lonse.

Chiphaliwali88:

A Nthanda ndayesa ndi mpira wa ana ndi nyali ya foni, zoonadi dzanja silikupotoka koma kuwala kukusuntha kokha, ndakhutira. Ndinapita kukawerengako za mapulaneti ena kuti ndione ngati lamuloli likugwira konse. Mars ndi lopendekeka madigiri 25, pafupifupi ngati ife, ndipo lili ndi nyengo zake, zoundana za kunsonga zake zimakula nkuchepa, kungoti chaka chake ndi masiku athu 687 nde nyengo iliyonse ndi yaitali. Jupiter madigiri 3 okha, nyengo zake sizisiyana kwenikweni. Koma Uranus ndi amene wandidabwitsa, madigiri 98, ndiye kuti anachita kugona chammbali, ndipo poti amatenga zaka 84 kuzungulira dzuwa nsonga imodzi imakhala pa dzuwa zaka pafupifupi 42 kenako mumdima zaka zinanso 42. Achimwene a mayiwa akudandaula milungu 7 yokha!

Nthanda:

Eya, ndipo pa Mars paja mtunda umagwirako ntchito kuposa kwathu kuno chifukwa njira yake ndi yotambalala ngati dzira, yathuyi ndi pafupifupi bwalo lenileni. Zithunzi za m'mabuku a sukulu ndi zimene zimatisokoneza, amajambula njira ya dziko yophwatalala kwambiri chifukwa akuionetsa chammbali, mwana nkuona ngati dziko limapita kutali zedi kenako nkubwera pafupi. Ine ndimaona kuti chithunzi chimenecho chawononga anthu ambiri kuposa kusaphunzira kumene. Kumene mtunda wathu umaonekerako pang'ono ndi mu liwiro, dziko likayandikira dzuwa limathamanga, likatalikira limachedwa, monga anapezera katswiri wa zakumwamba Johannes Kepler, nde nyengo yotentha ya kumpoto imatalika ndi masiku anayi kapena asanu kuposa yozizira yawo.

Mayi_wa_Atatu:

Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Usiku wathawu tinazimitsa magetsi, tinayamba ndi tochi ndi pepala, iye ndi amene amajambula. Atajambula kabwalo kachiwiri kotalika kaja anaika chala pakati pake nkunena kuti apa nde kwa amalume. Ndinamuuza kuti ayi, kumeneko ndi ku London, kwa amalume panopa tochi siikufikako nkomwe, nde tinatenga mpira tinaulemba kadontho ndi choko. Ulendo woyamba anapotoza dzanja ngati momwe ankaganizira a Chiphaliwali, ndinamugwira mkono kuti kadontho kaziloza chitseko, tinayendanso. Titafika mbali ya chitseko anauzunguza mpirawo kangapo akuyang'anitsitsa kadontho, sikanatuluke mumdima ngakhale kamodzi. Ndinamuuzanso poyera kuti zimene ndinamuyankha Lamlungu zinali zolakwika, kuti funso lake ndi limene linali lolondola.

Lero masana wazika ndodo kuseri kwa nyumba, wayeza ndi rula yake ya kusukulu, chithunzithunzi ndi chachifupi chosakwana chikhatho changa, walemba deti mu kope. Watumizira amalume ake voisi kuti nawonso azike yawo dzuwa likadzatuluka mu Januwale kuti azidzafananitsa manambala sabata iliyonse. Iwo ayankha kuti avomera koma ndodo yawo ayizika mu chipale chofewa chifukwa nthaka yauma gwa ndi kuzizira, ndipo akufunsa kuti ikhale yaitali bwanji kuti zifanane. A Kadzidzi, mita imodzi onse awiri ikhala bwino?

Kadzidzi:

Mita imodzi ili bwino mayi, bola ayeze mbali yoonekera pamwamba yokha ndipo iime chilili, aone ndi chingwe chomangirira kamwala. Muwauze achimwene apeze malo otseguka opanda nyumba kapena phiri chakumwera kwawo, chifukwa masiku oyambawo dzuwa lidzangosuzumira pang'ono nkubwerera ndipo chithunzithunzi cha ndodo ya mita imodzi chidzatalika mamita makumi angapo, rula siikwana, atenge tepi.